Miyezi 9 ndi kaloboti kanga komenyana: fosholo ilipo, chida chinachoka

Nditangokamanga ndinkakatamanda ngati mwana wobadwa kumene. Tsopano papita miyezi 9, kamenya ndipo kamenyedwa, ndiye ndikhoza kunena zoona zake.

Ndinagula zonse pamodzi zongolumikiza kunyumba: thupi la aluminiyamu, mamota awiri a magiya, batire ya LiPo ya maselo awiri, ndi fosholo yakutsogolo yolowera pansi pa mdani. Ndi ka gulu la antweight la ku America, lomwe pa mipikisano ya maloboti omenyana malire ake a kulemera ndi magalamu 454. Ku Britain dzina lomweli limatanthauza magalamu 150 okha, ndiye muziona bwino malamulo amene mukuwerenga.

Chimene chapirira ndi fosholo. Yakandikakandika ngati mawondo a mwana wosamva, koma ikugwirabe ntchito. Ndimaipala ndi tupa nthawi zonse tisanamenyane, chifukwa ikangosiya kampata kolowa pepala pakati pa iyo ndi pansi, mnzako amakulowa kunsi, mateyala n'kumazungulira m'malere.

Mamota ndiye ndasintha katatu. Kwenikweni chimafa si mota, ndi magiya ake. Chitsulo chozungulira cha mdani chikamenya teyala, mphamvu yonse imathera m'magiyamo, mano n'kuthothoka. Umangomva mota ikulira, teyala lili duu. Ndinasindikiza zotchinga mateyala pa 3D printer, makina oumba zinthu ndi pulasitiki, poyamba ndi pulasitiki ya PLA, yomwe inasweka ngati mbale yadothi itangomenyedwa kamodzi. Pulasitiki yofewa ya TPU ndiyo inathetsa vutoli: imapindika n'kubwerera m'malo.

Mwezi wachinayi dyera linandigwira. Ndinkasirira anzanga oponya adani m'mwamba, ndiye ndinaikapo chimbale chachitsulo chozungulira choimirira, choyendetsedwa ndi mota ya brushless. Apa m'pamene sikelo yakukhitchini inasanduka woweruza wanga. Ndinaboola thupi paliponse, kufupikitsa mawaya, kudula nsonga za mabawuti, kulimbana ndi galamu iliyonse mpaka pakati pa usiku. Kulemera kunakwana ndithu, koma kaloboti kanasanduka kena. Chimbale chikathamanga kwambiri ine n'kukhota, mbali imodzi inkanyamuka, teyala n'kusiya pansi. Pamene ndikulimbana nako kuti kakhazikike, mnzanga wa fosholo chabe anali atandikankhira kale kukhoma. Patatha miyezi iwiri ndinachichotsa. Chimbalecho sichinalakwe, manja anga ndiwo anali asanakhwime pa rimoti.

Kunjenjemera kwa chidacho kunkamasulanso mabawuti. Ndinawapaka guluu wa buluu uja woletsa kumasuka, osadziwa kuti amadya polycarbonate, pulasitiki imene anapangira chivundikiro cha kalobotika. Mawa lake chivundikiro chinali ming'alu yokhayokha kuzungulira mabowo. Imeneyo inali mbuli yanga.

Batire yoyamba inatupa ngati pilo chifukwa ndinkaisiya yodzaza kwa milungu. Selo lililonse likadzaza limafika 4.2V, koma posunga liyenera kukhala cha pa 3.8V. Panopa ndimatchajira m'chikwama chosagwira moto, ndipo sindichokapo mpaka ithe. Chida chozungulira, ngakhale cha kaloboti kokwana m'manja, chimadula chala. Ndinkachiyesera m'bokosi lotseka, nditatsimikiza kaye kuti ndikazimitsa rimoti zonse zimaima zokha.

Ndingagulenso? Inde, koma tsiku lomwelo ndingagule mamota anayi apadera ndi batire yachiwiri. Mateyala amene anabwera nawo ndinawataya msanga, ankaterereka fumbi likangochuluka. Omwe ndili nawowa ndimawapukuta ndi kansalu nkhondo iliyonse isanayambe.

Chimbale chija chili m'kabati, ndidzachibwezera mwina chaka chamawa. Pakali pano madzulo aliwonse ndimandandalika makapu 6 pansi n'kumayendetsa kalobotika kuwazungulira chobwerera m'mbuyo kwa mphindi 15. Dzulo ndinagwetsa awiri okha.