Telala wa pakhonde ku Ndirande amene amadziwa kuika chigamba

Papita chaka ndi theka ndikupereka zovala za pabanja pathu kwa telala mmodzi ku Ndirande, ndipo ndati ndiwauzeko anzanga amene zovala zimawathera m'maondo ngati kwathu kuno. Bambowa amasokera pakhonde la golosale ina kumunsi kwa msika, pa makina akuda a Butterfly opalasa ndi mwendo. Chikwangwani alibe. Mukaona thumba lalikulu la zidutswa za nsalu pansi pa tebulo, ndi kawailesi kopachikidwa pa msomali, ndiye kuti mwafika.

Chinandifikitsa kumeneko ndi kudula kwa kaunjika. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, jinzi yabwino ku Limbe ndimangoyiyang'ana n'kudutsa. Amuna anga amakonza njinga zamoto, amagwada pa simenti tsiku lonse, ndiye thalauza imabooka pa bondo kwina konse kukadali kolimba. Poyamba ndinagula zigamba zomata ndi simbi zija. Tsiku loyamba zinaoneka bwino. Nditachapa kachitatu zinayamba kumatuka m'mbali, guluu n'kutsala atauma gwa pa nsalu, bowo litakula kuposa kale.

Tsiku limene ndinapititsa jinziyo, atelalawo sanathamangire kutchula mtengo. Anaitembenuza, n'kuikweza kudzuwa, n'kumaipapasa ndi zala mozungulira bowolo. Kenako anati, “Mayi, bowo ndi ili, koma matenda afika uku,” akuloza malo otalikirako pamene nsalu inali itapyapyala. Apa ndi pamene amasiyana ndi ena amene ndinawayesapo. Ambiri amadula kachigamba kongokwanira bowo, n'kukasokera pa nsalu yotha kale, ndiye pakapita sabata ziwiri kung'ambika kumayambira pa msoko pomwepo. Iwowa amadula chachikulu, chopitirira malo otha onse ndi zala ziwiri mbali zonse, ndipo ngodya zake amazidula mozungulira kuti zisamakole n'kutukuka.

Nsalu ya chigamba imachokera m'thumba lija: zidutswa za majinzi akale, ochapidwa kambirimbiri. Anandifotokozera kuti nsalu yatsopano imakwinyika ikangolowa m'madzi, ndiye imakoka yakaleyo mpaka kuing'amba. Amafuna yolemera mofanana, ndipo amaiyala kuti ulusi wake uyende mbali imodzi ndi wa thalauzayo. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti amamasula msoko wa m'mbali mwa mwendo kuti bondo ligone bwino pansi pa singano, osati kukankhira mwendo wonse pa makina mokakamiza. Akatero amasoka mizere yambiri yothithikana, kupita ndi kubwerera, ndi singano yaikulu ya nambala 18, ulusi wake wotuwa wofanana ndi jinzi yosuluka, osati wabuluu wowala wa kusitolo. Pomaliza amabwezeretsa msoko uja. Jinzi imeneyo yagwira ntchito miyezi khumi ndi inayi tsopano, imachapidwa Loweruka lililonse ndi burashi chifukwa cha oyilo, koma bondo silinabookenso. Ndinalipira K2,500.

Ndinapititsanso kabudula wa yunifolomu wa mwana wanga wa Sitandade 4, amene anatha kumbuyo chifukwa chokhala pansi m'kalasi. Ife amene tinakula tikusekedwa ndi zigamba zamitundumitundu pamatako timadziwa mmene mwana amamvera. Sindinawauze zimenezi, koma okha anati, “Ichi tiika m'kati, anzake asaone.” Anapeza kansalu ka khaki kosuluka mofanana, ndipo mwanayo anavala osadandaula. Mabaji a sukulu amasoka mowongoka, m'mphepete monse, osati kungogwira ngodya zinayi.

Zigamba zokongoletsa nazonso amatha. Mwana wanga wamkazi anafuna chitenje pa zigongono za jekete yake ya jinzi. Anapinda m'mphepete mwa chidutswa chilichonse, n'kusita ndi simbi yamakala, n'kusoka mizere iwiri. Anatiuza kuti tiyambe tachapa chitenjecho kuti utoto usadzathimbirire pa jekete, ndipo zinathandizadi.

Koma pali zondidandaulitsa, ndipo sindibisa. Choyamba ndi nthawi. Akati “mubwere mawa”, muwerengere masiku atatu. Mu Sepitembala, sukulu zikamatsegulira, mayunifolomu atsopano ndiwo amakhala patsogolo, zigamba zimadikira. Ndinayendako maulendo anayi chifukwa cha ovololo imodzi, amuna anga akupita kuntchito ndi thalauza ya kutchalitchi. Zinandiwawa. Salembanso paliponse, zonse amasunga m'mutu, ndipo tsiku lina anandipatsa malaya a mwiniwake. Masiku ano ndimamanga zovala zathu m'jumbo n'kulembapo dzina.

Chachiwiri ndi nsalu zotanuka. Makina awo amasoka msoko wowongoka wokha, alibe wa zigizagi. Chigamba chimene anaika pa jinzi yothina ya mng'ono wanga chinaduka ulusi atangoivala kawiri, chifukwa nsalu imatanuka pamene msoko sutanuka. Anasokanso kwaulere, koma chinadukanso. Bola akanangokana poyamba pomwe. Zoterezi pitani nazo kwa amene ali ndi makina amagetsi. Ubwino wa makina a mwendowa ndi woti magetsi akazima, iwo amangopalasabe.

Ngati muli ndi jinzi, ovololo, khaki, chikwama cha sukulu kapena jekete, ndikukulimbikitsani kupita. Muchape kaye chovalacho, chifukwa chakuda salandira, ndipo akulondola. Musadikire kuti bowo likule mpaka kulowa chibakera; pamene nsalu yangoyamba kuonekera kuwala, mtengo umatsika ndipo chigamba sichioneka n'komwe. Ngati muli ndi jinzi yakale yotheratu, itengereni, amachotserako pang'ono pa mtengo chifukwa imakalowa m'thumba lija. Pitani m'mawa, asanadzadze anthu, ndipo mukatenga chovala chitembenuzeni pomwepo muone msoko wa m'kati.

Lolemba ndikupititsa thalauza zina ziwiri za amuna anga ndi chikwama cha mwana chimene chabooka pansi. Ndawauziratu kuti ndizifuna Lachisanu, ndipo ndidzadutsako Lachitatu kukawakumbutsa.