Kayaki ndi magalasi osambirira ku Cape Maclear: wotiperekeza ndi katswiri, zida ndiye zatopa

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5, ndipo zinayi zonsezo ndi za mnyamata amene anatiperekeza panyanja. Yachisanuyo yadyedwa ndi zida. Amene muli pachangu gwirani izi: pitani m'mamawa, yesani jekete yoyandamitsa ndi magalasi musanatulutse ndalama, ndipo musavomere kupalasa nokha popanda mwana wa pa Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear, amene amaidziwa mphepo ya pamenepo.

Tinabwereka pa malo ena ogona alendo a m'mbali mwa gombe la mudzi wa Chembe. Mtengo umene tinagwirizana unali wa zonse pamodzi: kayaki (timabwato tapulasitiki topalasa) za anthu awiriawiri, nkhafi, majekete, magalasi ndi mapaipi ake opumira, wotiperekeza, komanso nkhomaliro pachilumba cha Thumbi, chija chimaonekera patsogolo mukaima pamchenga. Tinali ine, mayi akunyumba, mng'ono wawo, ndi mwana wathu wamwamuna amene ali ku sekondale. Mwa tonsefe wodziwa kusambira kwenikweni ndi mwanayo. Ine ndimangodziwa zosamira msanga. Ndanena izi chifukwa ndemanga zambiri za malo ano zimalembedwa ndi alendo akunja amene anakulira m'madziwe osambiriramo, ndiye zimene zimaopsa munthu wa ku Area 25 iwo sazitchula n'komwe.

Nkhani ya ndalama inayenda bwino ndithu. Mitengo pachikwangwani inalembedwa m'madola, koma titafunsa anatiuza m'makwacha, ndipo analandira kudzera pafoni popanda vuto. Chimene sanatiuze poyamba n'chakuti chiphaso cholowera kumalo otetezedwa n'chapadera. Zilumba zonsezi, Thumbi, Domwe ndi Mumbo, zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Aliyense wokwera pachilumba amalipira, ngakhale Amalawi timalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Sikuti ndalamayo inali yoboola m'thumba, koma kuimva muli kale ndi nkhafi m'manja sikusangalatsa. Tengani chitupa chanu cha unzika.

Tsopano zida. Kayaki zokha zinali zabwino. Ndi zija zapulasitiki yolimba zimene munthu umakhala pamwamba, osati zolowetsa miyendo m'kati, ndipo pansi pake pali timabowo totulutsira madzi amene mafunde athiramo. Kwa ongoyamba kumene ndi zimenezi zoyenera, chifukwa zikagudubuka munthu umangogwera m'madzi osakodwa. Dzuwa linazisuwitsa mtundu koma sizimadontha. Nkhafi imodzi inali yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga pamene inang'aluka, ndipo inagwira ntchito mpaka pobwerera.

Majekete ndiye ayi. Mulu wonse unali wa saizi imodzi, yaikulu. Ya mlamu wanga, amene ndi wochepa thupi, itamangidwa malamba onse inali kukwerabe mpaka m'makutu ukaikoka m'mapewa. Jekete yotero m'madzi imayandama yokha, munthu n'kumatsetserekera pansi pake. Ina zipi yake inali yakufa, ina chomangira chinali chothyoka. Mnyamata wa pakauntala anati, "Osadandaula madala, zonsezi n'zoyandama." Wotiperekezayo ndi amene anakana. Anapita pa malo oyandikana nawo n'kukabwereka yaing'ono, kenako anatimanga aliyense payekha, n'kumakoka m'mapewa kuti aone ngati ikuvuka. Zimenezi zinayenera kukhala lamulo la eni malo, osati chifundo cha wantchito mmodzi.

Magalasi nawo mphira wake unali wouma ndi dzuwa. Pali njira yapafupi yowayesera imene anatiphunzitsa: ikani magalasiwo kumaso osavala lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, n'kusiya manja. Akamatirira ndi abwino, akagwa ndiye kuti adzalowetsa madzi. Ambiri anagwa. Tinasankha amene analiko bwino, komabe anga ankadzaza madzi m'mbali mwa mphuno, mwina ndevu zinathandizirako. Chimene chinandinyansa ndi mapaipi opumira. Mbali yoluma m'kamwa inali ndi zipsera za mano a anthu ena, ndipo ankangowatsukuluza m'ndowa ya madzi a m'nyanja. Ndinapempha sopo, anabweretsa, koma nkhope zawo zinkaonetsa kuti ndine woyamba kupempha.

Tinanyamuka dzuwa lisanakwere, asodzi a usipa akukocheza kuchokera kokagona panyanja ndi nyali zawo, amayi atayamba kale kutsuka mbale ndi kuchapa m'mphepete. Gombe la Chembe si la alendo okha, ndi bwalo la mudzi wonse, ndiye poyambira pamafunika kuzemba zingwe za maboti, mabwato ndi ana osambira amene amakuwa kuti muwakweze. Nyanja inali bata. Ine ndinafuna kuti tiyambe tadya kaye mfisulo mwachifatse, koma wotiperekezayo anati, "Bwana, tiyi mukamwera kutsidya. Mwera ukadzuka simudzaukonda ulendowu." Tinapita m'nyengo yozizira, pamene mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo nthawi zambiri imakula dzuwa likakwera. Mapiri a kumbuyo kwa mudzi amatchinga gombelo, moti mukaima pamchenga mumaona ngati kulibe kanthu, pamene kunja kwa chilumba mafunde ali ndi thovu. Mlendo wobwereka kayaki yekha sangazidziwe zimenezi, ndipo mphepo yochokera kumtunda imamukankhira kutali ndi gombe, osati kumubweza.

Kupalasa anthu awiri kumafuna kumvana. Wakutsogolo ndiye amapereka liwiro, wakumbuyo amatsatira ndi kuwongolera. Ine ndi mayi akunyumba tinayamba ngati ng'ombe ziwiri zosazolowerana pagoli, wina uku wina uko, kayaki n'kumangozungulira pamalo amodzi asodzi akutiseka. Wotiperekezayo sanatikalipire kapena kutichititsa manyazi. Anafika pambali pathu n'kunena kuti, "Amayi, inu muzingopalasa osacheuka. Bwana, muziyang'ana nkhafi ya amayi, ikalowa nanunso lowetsani." Anatiuzanso kuti tisamakoke ndi manja okha koma tizipotoza chiuno, mapazi atatsamira pa zopondera. Uphungu umenewu ndi umene unapulumutsa mapewa anga. Ankapalasa cha kumbuyo kwathu pang'ono, mbali imene mphepo ikanatikankhira, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti sizinali zangozi.

Pa Thumbi palibe mchenga wambiri, ndi miyala ikuluikulu yotsetserekera m'madzi oyera moti pansi pamaoneka. Apa ndi pamene ndalama yathu inabwerera. Ndakhala ndikudya nsomba za m'nyanjayi moyo wanga wonse, chambo, kampango, utaka, usipa, koma mbuna ndinali ndisanazionepo zili kwawo. Ndi tinsomba tating'ono tokhala m'miyala, tabuluu towala, tachikasu, tamizeremizere, tina tamawangamawanga, ndipo timabwera mpaka pagalasi penipeni. Timadya ndere za pamiyala, ndipo mukakhala phee mumationa tikupala mwala ndi milomo. Tamphongo timalondera kagawo kake ka mwala, n'kumathamangitsa tinzake tolowerera. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, mitundu mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse ya mbuna sipezeka kwina kulikonse. Zina zimangopezeka pa chilumba chimodzi basi, chifukwa sizikonda kuwoloka pamchenga kapena pakuya popanda miyala yobisalamo. N'chifukwa chake malowa anawateteza.

Wotiperekezayo anamira pansi n'kutilozera nsomba ina yotupa kukhosi, imene sinkadya ngati zinzake. Titatulutsa mitu anatifotokozera kuti ndi yaikazi, yasunga mazira m'kamwa. Imakhala choncho milungu ingapo osadya kwenikweni mpaka ana ataswa n'kukulako pang'ono. Mwana wathu anaiphunzira nkhaniyi m'kalasi, koma anakhala m'madzimo mpaka zala zitachita makwinya akufunafuna ina.

Mlamu wanga ankaopa kuchotsa phazi pamwala. Wotiperekezayo anamangirira chingwe ku kayaki, anamupatsa kuti agwire, n'kumuuza kuti ayambe wangoviika nkhope ali chiimire, apume ndi paipi mpaka mtima ukhale pansi. Kenako anamugoneka chafufumimba jekete itamunyamula, iye akukoka kayakiyo pang'onopang'ono m'mbali mwa miyala. Munthu amene sanasambirepo chibadwire anaona zonse zimene ife tinaona. Sanamufulumizitse ngakhale kamodzi, ndipo ankamuitana kuti "achemwali" mwaulemu nthawi yonse. Pa ichi chokha ndikanamupatsa nyenyezi zonse.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinagwirizane nacho. Anatulutsa buledi n'kumafikisira m'madzi kuti nsomba ziunjikane tijambule. Zimabweradi zambirimbiri mpaka kukujomphani zala, ndipo chithunzi chimakongola. Koma nsomba zodya ndere m'malo otetezedwa sizifunika buledi, ndipo zinalipo kale zochuluka tisanaponye kanthu. Nditamuuza anaseka n'kuti alendo ambiri amachita kupempha. Anabweza buledi wotsalayo m'jumbo, tinamwera tiyi.

Zodyetsa nkhwazi ndiye ndinaonerera mosatsutsa, mwina chifukwa nsomba ndi chakudya chake kale. Anali atagula tinsomba kwa asodzi, analowetsa kabango m'kati kuti tisamire, anaimba likhweru, n'kuponya patali. Nkhwazi inachoka pamtengo pamwamba pa chilumba, inatsika mapiko ali tambasu, n'kutola nsombayo ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga. Konzekeranitu kamera, chifukwa zimachitika m'kuphethira kwa diso.

Nkhomaliro inali nsima, kampango wootcha pamakala ndi tomato wokazinga, zophikidwa pamiyala pomwepo ndi mnzake amene anabwera pa boti ya injini. Inakoma. Madzi akumwa ndiwo anali ochepa kwa anthu amene apalasa padzuwa, ndiye nyamulani anu. Zinyalala zonse anazitolera m'thumba n'kubwerera nazo, mpaka minga za nsomba.

Pobwerera mwera unali utayamba. Sanali mafunde oopsa, koma okwanira kumenya kayaki m'nthiti n'kutithira madzi pamiyendo. Anatiuza kuti tisalunjike pa malo athu ogona koma tiloze mphuno ya kayaki cha kumene mafunde akuchokera, tisawapatse mbali, ndipo tikayandikira kumtunda tidzatsate gombe. Njira inatalika koma kugwedezeka kunachepa. Kayaki ya mlamu wanga ndi mwana anaimangirira kumbuyo kwa yake chigawo chomaliza. Boti ya injini ija inkatitsatira chapatali. Nditafunsa ngati zimenezi amachita nthawi zonse, anati ayi, anachita kumupempha mnzakeyo ataona mitambo ya paphiri m'mawa. Apanso ndi nzeru za munthu, osati dongosolo la malowo. Panalibe fomu yolemba amene apita panyanja ndi nthawi yobwerera, ndipo foni imene anatenga inali yakeyake, atakulunga m'jumbo ya shuga.

Za likodzo palibe anatiuza pakauntala, ndipo ndikuona kuti n'kulakwa. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu, ndipo m'mbali mwa mudzi wa Chembe matendawa ndi odziwika. Ofufuza anagwirizanitsa kuchuluka kwa nkhonozi ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha usodzi wopyola muyezo. Kumiyala ya kuzilumba chiopsezo n'chocheperako kusiyana ndi pagombe la mudzi, koma pokwera ndi potsika kayaki mumaponda m'madzi omwewo. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amagwira bwino tizilombo tikakula, ndiye samwedwa tsiku lomwelo. Achipatala amalangiza kudikira milungu 6 mpaka 8, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi. Pitani kuchipatala akakuyezeni m'malo mongogula m'sitolo za pagombe.

Zina zing'onozing'ono: valani malaya a manja aatali ndi chipewa chomanga pachibwano, chifukwa dzuwa la pamadzi limawotcha ngakhale ife akhungu lakuda, makamaka pamaondo ndi kumbuyo kwa khosi. Miyala ya pa Thumbi ndi yoterera, nsapato zapulasitiki zomanga kuchidendene zimathandiza kuposa mapatapata. Chikwama chosalowa madzi analibe choti abwereke, ndiye foni muziisamalira nokha. Mukatsala ndi mphamvu madzulo, Otter Point ili kumapeto kwa gombe cha kumadzulo, ndipo nakonso mbuna zilipo popanda kuwoloka. Cha komweko kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anayamba kukhazikika pa Cape Maclear mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo.

Amene akufuna ulendo wautali angafunse za Domwe, kapena Mumbo imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pagombe, koma umenewo si ulendo wa munthu wogwira nkhafi koyamba, makamaka nyengo ya mwera. Kwa banja la ana ndi anthu osadziwa kusambira, Thumbi ndi wokwanira. Ana aang'ono kwambiri musapite nawo pokhapokha mutabweretsa majekete a saizi yawo, chifukwa pa malo amene tinabwerekapo ife panalibe ngakhale imodzi ya mwana. Ndipo ka ndalama kothokoza mukapereke m'manja mwa wokuperekezaniyo, osati pakauntala.