Mpweya wa kaboni: tiukwirire m'chitsime cha mafuta kapena m'mwala wa madzi amchere?

Ku SACROC, malo okumbako mafuta ku Texas m'dziko la America, anayamba kupopera mpweya wa kaboni (carbon dioxide) m'zitsime za mafuta mu 1972. Mpweyawu ukapanikizidwa umalowerera m'mafuta n'kuwasungunula, ndiye mafuta amene anakakamira m'timing'alu ta mwala amayamba kuyenda. Wina umabwereranso kumtunda limodzi ndi mafutawo. Amaulekanitsa n'kuupoperanso pansi. Ndalama zimabwera ndithu, koma chimandiwawa n'chakuti mafutawo akayaka amatulutsanso mpweya womwewo.

Ku Sleipner, malo okumbako gasi m'nyanja ya North Sea, mbali ya dziko la Norway, kuyambira 1996 amaupopera m'mwala wamchenga wodzaza madzi amchere, mamita oposa 800 pansi. Kumeneko mpweyawo subweretsa chogulitsa, chinawakankha ndi msonkho wa kaboni, umene boma la Norway limalipiritsa makampani otulutsa mpweyawu. Ngati cholinga n'kuukwirira kuti usabwerenso, ine ndili mbali ya Sleipner.