Kuwonjezera mphamvu Honda Fit ya CVT: remap, turbo kapena kuula?

Musanagule chilichonse, dziwani kuti malire a Honda Fit GE6 ali mu giyabokosi, osati mu injini. Injini yake ya 1.3, L13A, imatulutsa mphamvu ya 100 PS ndi torque (mphamvu yozungulitsa) ya 127 Nm. Giyabokosi yake ya otomatiki, yotchedwa CVT, imadutsitsa mphamvuyi pa lamba wachitsulo wopanidwa pakati pa ma pulley awiri, ndipo chomwe chimamupana ndi mphamvu ya oyilo. Torque ikaposa mphamvu yopanayo, lamba amaterereka n'kukanda ma pulley, ndipo zinyenyeswa zachitsulo zimalowa mu oyilo. Mukamasula giyabokosi yoteroyo mumapeza mizere pankhope za ma pulley ndi phala lotuwa litamatirira pa maginito.

Remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini), fyuluta ya mpweya yotseguka ndi ekizozi yayikulu sizivulaza lamba chifukwa pa injini yopanda turbo zimangowonjezera mphamvu pang'ono. Chomwe mumapindula kwambiri ndi phokoso. Fyuluta yotseguka ilinso ndi vuto lake pa misewu yathu ya fumbi: imalowetsa dothi mu injini.

Turbo ndiye yoopsa. Ngakhale turbo yopanikiza mpweya pa 0.4 bar yokha ikhoza kukankhira torque kufupi ndi 170 Nm, ndipo imabwera mwadzidzidzi injini ikadali pa marevu otsika, nthawi yomwe lamba amaterereka mosavuta. Apa musayese n'komwe.

Kuula, chipangizo choziziritsa oyilo wa CVT, siwonjezera mphamvu, koma imasunga imene muli nayo. Pokwera chitunda cha Chiweta kapena cha Golomoti mutadzaza anthu, oyilo amatentha n'kupyapyala. Ikani kuula patsogolo pa radiyeta, mangani mapaipi ndi ma clamp olimba, kenaka wonjezerani oyilo wodzaza kuulayo. Pa GE6, oyilo akhale wa Honda wa CVT wotchedwa HMMF. HCF-2 ndi wa Fit GK yomwe inatuluka mu 2013. ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, ayi, chifukwa sagwira lamba mmene amafunira.

Marimu nawonso: a 17 inchi ndi olemera ndipo galimoto imanyamuka mwaulesi. Matayala abwino a 175/65R14 pa marimu opepuka amathandiza kuposa remap.

Amene akufunadi liwiro agulitse GE6 n'kugula Fit RS GE8 ya magiya a pamanja: injini ya 1.5, 120 PS, 145 Nm. Kilachi ikapsa mumangosintha puleti, pomwe lamba akakanda ma pulley nthawi zambiri mumafunika giyabokosi ina yonse.