Puppy Linux kapena Lubuntu pa laputopu yokalamba?

Malaputopu a kaunjika amene timagula ku Old Town kuno ku Lilongwe amachita kukwawa ndi Windows. Mapulogalamu awiri oyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows amene ndimakhulupirira potsitsimutsa malaputopuwa ndi Puppy Linux ndi Lubuntu, onse aulere.

Puppy, imene anaiyambitsa Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, ndi yaing'ono: kuikopera pa intaneti kumangodya mamegabaiti mazana angapo, pomwe Lubuntu imafuna magigabaiti, ndipo bandulo imatheratu. Puppy imadzuka kuchokera pa fulashi n'kukhala mu RAM, memori ya kanthawi imene imafufutika kompyuta ikazima, choncho imathamanga ngakhale hard disk itafa. Koma samalani. Zosintha zanu zimakhala mu fayilo yosungira, ndipo magetsi akathima batire ili yakufa, zimene sizinalembedwe m'menemo zimapita. Fayiloyo ikadzazanso, mapulogalamu amayamba kuvuta mpaka muikulitse. Chinanso chimandidetsa nkhawa: mumagwira ntchito ngati root, mwini mphamvu zonse pa kompyutayo, ndiye mwana akhoza kufufuta mafayilo ofunika mosadziwa.

Lubuntu ndi yolemerako, ndipo yatsopanoyi sigwira pa makina akale a mtundu wa 32-bit. Komabe imabwera ndi pulogalamu yolembera ya LibreOffice, yomwe imatsegula bwino zolemba za Word kuposa AbiWord ya mu Puppy. Wi-Fi ikakana pa Lubuntu, makamaka ya kampani ya Broadcom, lumikizani foni ndi chingwe, yatsani USB tethering pa foniyo kuti laputopu ipeze intaneti, kenako ikani driver, pulogalamu yoyendetsa Wi-Fi.

Wophunzira wa ku Bunda wolemba ma assignment, RAM ya laputopu yake ikakhala 4 GB, ndimamuikira Lubuntu. Puppy ndimayenda nayo m'thumba yopulumutsira mafayilo kompyuta ikakana kuyaka.