Miyezi 8 ndili ndi Linux Mint: zomwe ndinakonza zija, zatsala ziti?

Laputopu iyi ndinagula mu Okutobala 2024, ndipo usiku womwewo ndinaikamo Linux Mint 22, system yoyendetsa kompyuta ngati Windows, yomwe amaitcha Wilma. Inatuluka mu Julaye chaka chomwecho, maziko ake ndi Linux ina yotchedwa Ubuntu 24.04, ndipo eni ake adzaisamalira mpaka 2029. Chinandikopa n'chimenecho, poti sindinkafuna kumayambiranso chaka ndi chaka. Desktop yake, kapena kuti zomwe mumaona ndi kudina pa sikirini, ndi Cinnamon.

Sabata yoyamba ndinkangokongoletsa. Panel, kamzere kokhala ndi menyu kam'munsi mwa sikirini, ndinaisamutsira pamwamba, ndinaika ma desklet, timapulogalamu ta pa desktop, a wotchi ndi a zanyengo, ndinasinthasintha ma theme. Lero zonsezo kulibe. Panel inabwerera pansi chifukwa dzanja linazolowera kumeneko, ndipo ma desklet sindinkawaona n'komwe, popeza tsiku lonse amakhala ataphimbidwa ndi ntchito.

Chomwe sindingalole kuti chichoke ndi batani la Compose, lomwe limaphatikiza zizindikiro kuti patuluke chilembo chomwe palibe pa kiyibodi. Ndimalemba makalata ndi malipoti a mpingo, ndipo akuluakulu athu ena amafunabe kuona ŵ pa mawu ngati Malaŵi ndi maŵa, monga anaphunzirira kusukulu. Poyamba ndinkakopera chilembochi m'kalata yakale n'kumachimata paliponse pofunika. Kenako mu System Settings ndinapita pa Keyboard, Layouts, Options, n'kusankha kuti Caps Lock ikhale Compose. Tsopano ndimadina Caps Lock, kenako ^, kenako w, ŵ n'kutuluka. Zimagwira mu LibreOffice, mu Firefox, ngakhale potchula fayilo dzina mu Nemo, pulogalamu yoonera mafayilo. Kukonza kwake sikunatenge mphindi ziwiri, koma palibe tsiku limadutsa osandithandiza, ndipo Caps Lock sindinaisowepo.

Chachiwiri ndi kukula kwa zilembo. Sikirini ya mainchesi 14 yokhala ndi 1920x1080 imachepetsa zilembo moti pofika madzulo maso ankawawa. Ndinayesa kukulitsa chilichonse ndi 125%, koma ndinaona kuti kwa ine kusintha zilembo zokha kunali kokwanira. Pa Font Selection ndinaika 1.2, ndipo sindinakhudzeponso. Ndinaikanso font ya Carlito, yomwe imatenga malo ofanana ndendende ndi Calibri ya mu Word, kuti kalata yolembedwa mu Word isasefukire tsamba lina ikatsegulidwa kwa ine.

Pa Timeshift, pulogalamu yosunga makope a system (ma snapshot) kuti muthe kubwerera m'mbuyo zikaonongeka, ndiye pofunika kumvetsa bwino. Mu Febuluwale 2025 ndinasintha fayilo ina mu /etc, foda ya makonzedwe a system, ndisanaimvetse, ndipo kompyuta inakana kufika polowera. Ndinayatsira pa flash yomwe ndinaikira Mint, ndinatsegula Timeshift, n'kubwezera zonse momwe zinalili sabata yapitayo. Koma dziwani kuti Timeshift, mukaisiya momwe imabwerera, imasunga za system zokha. Makalata anu, zithunzi, ngakhale makonzedwe a Cinnamon omwe munavutikira, zimakhala mu foda yanu ya home, ndipo sizilowamo. Zimenezo ndimakopera pa hard disk yapadera Loweruka lililonse. Ma snapshot nawo amadya malo. Ndinachepetsa kuti izisunga awiri okha a pa sabata.

Za bundle ndinaphunzira mochedwa. Mu Software Manager pulogalamu imodzi imatha kupezeka kawiri, ya system ndi ya Flatpak, yomwe ndi njira ina yoikira mapulogalamu. Ya Flatpak imakoka zonse zomwe ikufunikira kuti igwire, ndiye yoyamba kuika ikhoza kudya ma MB mazanamazana, pomwe inzake ndi yaing'ono. Kwa ife ogula intaneti pang'onopang'ono, kusiyana kumeneku kumamveka m'thumba. Tsopano ndimayang'ana kukula kwake ndisanadine, ndipo ma update ndimapanga ndekha ndikafika pa Wi-Fi.

Mu Januwale 2025 kunatuluka 22.1, Xia, yokhala ndi Cinnamon 6.4. Ndinakweza kudzera mu Update Manager, mtima uli m'mwamba poopa kuti makonzedwe anga asokonekera. Compose ija inali pomwepo, zilembo chimodzimodzi. Inabweranso ndi Night Light, yomwe imafiiritsa sikirini dzuwa likalowa, komanso posankha kuti batire igwire mosinira, zomwe zimandipulumutsa magetsi akazima ndili pakati pa lipoti.

Ma workspace, omwe ali ngati masikirini osiyana pa laputopu imodzi, ndinayamba ndi anayi, ndatsala ndi awiri: ina ya zolemba, ina ya Firefox, ndipo ndimadumpha ndi Ctrl+Alt ndi muvi. Mng'ono wanga akubwera ndi laputopu yake mwezi wamawa kuti ndimuikire Mint yomweyi, ndipo ndamuuza kale kuti abweretse flash ndi hard disk.