Madiredi ku Chigwa cha Shire: mmene akuonekera patatha miyezi 18

Madiredi onse amakongola tsiku lotuluka mu saluni. Mlandu wake umagamulidwa akadutsa mu Okotobala kawiri. Ndemanga iyi ikunena za madiredi a amayi oyambidwa mu Meyi chaka chatha kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, pa tsitsi lachilengedwe losathiridwa mankhwala owongola. Adutsa m'fumbi la chilimwe, m'kutentha kwa ku Ngabu ndi Bangula kopitirira madigiri 40, m'chinyontho cha dzinja, m'chiperoni cha mu Juni, kenako abwereranso m'ng'anjo ya mu Okotobala. Chimene chaonekera poyera n'chakuti botolo la mafuta okwera mtengo silinapulumutse mutu wa munthu. Zimene zasiyanitsa mutu wabwino ndi woduka ndi madzi ochapira, kaumitsidwe, ndi kukula kwa tsinde la diredi lililonse.

Tiyambe ndi kayambidwe. Madiredi opota ndi chipeso, aja amaoneka ngati timasipuling'i, amagwira ngakhale pa tsitsi la masentimita 5, koma kuno ndi amene avutitsa kwambiri. Amafuna kuti musanyowetse mutu kwa masabata atatu kapena anayi, chonsecho thukuta lathu silidikira. Ambiri anamasuka m'nkhongo ndi m'mbali mwa makutu mwezi woyamba usanathe, ndipo kuwapotanso sabata ndi sabata ndi kumene kunayamba kuonda matsinde. Opota zingwe ziwiriziwiri anachita bwino. Amafuna tsitsi la masentimita 8 mpaka 10, amapirira kuchapa, ndipo mzere wa kupotako umazimiririka wokha pakati pa mwezi wa 6 ndi wa 12. Okoka ndi singano ya crochet ya mamilimita 0.5 kapena 0.75 amaoneka okhwima tsiku lomwelo, ndiye amakopa amene akufuna kupita ku ofesi asakuoneka ngati angodzuka. Koma singanoyo ikakhala m'dzanja la wophunzira imadula tsitsi mkati, ndipo kuwonongekako sikuoneka msanga. Kumadzaoneka pa mwezi wa 10 kapena wa 12, diredi litafooka pakati ngati chingwe chodyedwa ndi chiswe.

Njira imene yapambana m'chigwa muno ndi ya interlock, yolowetsa nsonga ya diredi patsinde pake. Sifuna jelo kapena phula, ndipo mutha kuchapa mawa lake osamasuka. Kachitidwe kake kali ndi lamulo limodzi losaphwanyika: nsonga ilowe mbali zinayi mosinthana, ngati muvi wa wotchi ukuloza pa 3, pa 6, pa 9 ndi pa 12, ndipo isalowe pabowo lomwelo kawiri motsatizana. Ikalowa kawiri, tsinde limagawikana pawiri ngati mphanda, ndipo bowolo limakwera ndi diredi pamene likukula. Vuto lachiwiri ndi kumangitsa. Wokonza asiye kampata kolowa nsonga ya chala pakati pa khungu ndi mfundo yomaliza. Mukatuluka mu saluni nsidze zitakwera, usiku n'kumwa panado kuti mugone, dziwani kuti ntchito yalakwika. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho kubwerera pakatha masabata 6 mpaka 8 n'kokwanira. Opita mwezi ndi mwezi kuti mizere izioneka yowala ndi amene pano akudandaula za pamphumi.

Za kukula kwa magawo a tsitsi oyambira diredi lililonse, alongo athu ambiri anakopeka ndi zithunzi za pa Facebook ndi TikTok za timadiredi ting'onoting'ono. Sisterlocks yeniyeni, njira ya timadiredi totere imene anayambitsa JoAnne Cornwell ku America mu 1993, ili ndi kagawidwe kake, chida chake ndi maphunziro ake, ndipo mutu umodzi umatha kukhala ndi madiredi 400. Zimene zimatchedwa dzina limeneli m'masaluni ambiri ndi timadiredi wamba togawa ndi maso. Sikuti n'toipa, koma timafuna munthu waluso wokhala pafupi, osati woti muzimukwerera minibasi kudutsa ku Thabwa mpaka ku Blantyre miyezi iwiri iliyonse. Kwa mayi wosenza ndowa ndi wolima kudimba, magawo a sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, obereka diredi lonenepa ngati pensulo, ndi amene afika miyezi 18 ali olimba.  Pamphumi ndi m'mbali, pamene tsitsi ndi lopyapyala, magawo azikulirapo pang'ono, asachepe.

Tsopano nkhani ya madzi, imene malangizo ochokera kunja saikhudza n'komwe. Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo aliyense wochapa zovala amadziwa kuti sopo sachita thovu msanga. Mchere wa calcium ndi magnesium ukakumana ndi sopo umapanga zoyera zija zimakanirira m'mbali mwa beseni. Pa tsitsi lomasuka zimachoka ndi chipeso. Mu diredi zimalowa mkati n'kukhazikika. Pofika mwezi wa 8, mitu yochapidwa ndi sopo wochapira zovala pa madzi a pamjigo inali itatuwa, madiredi ali gwa ngati khonje, ndipo ukalipinda diredi limaonetsa zoyera mkati. Sopo ameneyu pH yake, muyeso wa ukali wa asidi kapena soda, imafika 9 kapena 10, pamene khungu la m'mutu limakhala cha pa 5.5, n'chifukwa chake mutu umayabwa ukangouma. Ena amaphitsa madziwo poganiza kuti afewa. Kuphitsa kumachotsako mbali ya laimu, koma mchere umatsala, ndipo madzi akaphwera umachita kuchuluka.

Chimene chagwira ntchito ndi ichi. Dzinja likafika, tcherani madzi amvula m'chigubu choyera chotseka bwino, mutataya oyamba otsuka malata, ndipo muziwasungira kutsukuluza komaliza. Malita atatu amakwana mutu umodzi. Chapani ndi shampu woonekera mkati, osati woyera ngati mkaka wodzaza ndi zofewetsa. Thirani supuni ziwiri za shampu m'kapu ya madzi, mukhuthulire pakhungu, mupakase ndi nsonga za zala osati zikhadabo, thovu litsike lokha m'madiredi uku mukufinya. Tsukuluzani mpaka madzi ofinyidwawo atuluke oyera, kenako tsukuluzaninso, chifukwa diredi limabisa sopo. Madzi amvula akatha, malizani ndi viniga: kapu imodzi pa makapu asanu a madzi, adikire mphindi zitatu, mutsukuluze. Mandimu amodzi ofinyira mu lita imodzi ya madzi n'kusefa bwino amagwiranso ntchito yomweyo, bola musakhale nawo padzuwa musanatsukuluze. M'miyezi yotentha chapani sabata iliyonse, m'miyezi yozizira pakatha masiku 10 mpaka 14. Zoti madiredi amagwirana msanga akakhala akuda ndi bodza. Tsitsi loyera, lopanda mafuta oterera, ndi limene limakolana.

Kamodzi pa miyezi itatu kapena inayi pamafunika kuviika. Supuni zitatu za soda wophikira therere uja mu malita atatu a madzi ofunda, madiredi akhalemo mphindi 10 mpaka 15 mukufinya, mutsukuluze, kenako viniga wosungunula uja. Pa intaneti anthu amasakaniza soda ndi viniga m'beseni limodzi n'kumasangalala ndi thovu. Thovulo ndi chizindikiro choti ziwirizi zathetsana mphamvu, chatsala ndi madzi amchere chabe. Ndipo musazolowere soda mwezi ndi mwezi, amaumitsa tsitsi.

Pa zopaka, phula la njuchi ndi limene lalephera kotheratu. Limagwira bwino sabata yoyamba, koma silisungunuka ndi madzi, ndipo padzuwa la kuno limafewa n'kulowerera mkati, kenako n'kumata chilichonse chouluka: fumbi la mumsewu, phulusa la nzimbe zowotchedwa cha ku Nchalo, ngakhale timaulusi ta thonje nthawi yokolola. Vaseline ndi mafuta ena olimba a m'chitini achita chimodzimodzi. Shea butter ndi wabwino pa tsitsi lomasuka, koma mu diredi amasiya zoyera. Mafuta a nsatsi ndi olemera. Dontho limodzi kapena awiri pamphumi n'zokwanira, ndipo musayembekeze kuti ameretsa tsitsi pamene mizu inafa. Amene akhala bwino ndi mafuta opepuka monga a malambe kapena a mpendadzuwa, theka la supuni ya tiyi pamutu wonse, kawiri pa sabata, opaka tsitsi lili lonyowa pang'ono. Mafuta sanyowetsa tsitsi, amangotsekera chinyontho chimene chilipo. Choncho kabotolo kopopera madzi amvula m'mawa kamaposa mafuta alionse. Mukathiramo aloe vera wa pakhomo, sefani ndi kansalu ndipo muzipanga wongokwana masiku awiri, chifukwa m'kutentha kuno amasasa msanga.

Fungo limene anthu amanamizira madiredi limachokera pa kusauma. Diredi la chaka chimodzi limamwa madzi ngati siponji: kunja limauma mu ola limodzi, mkati muli chinyontho mpaka madzulo. Mukamanga duku kapena kugona nalo choncho, pakati pa Disembala ndi Malichi limachita chuku mkati, n'kumanunkha ngati chovala choiwalika m'ndowa. Chapani m'mawa isanakwane 9 koloko, finyani ochepaochepa kuchokera kutsinde kupita kunsonga, kulungani mphindi 20 ndi malaya akale a T-shirt akuda, kenako muwasiye pamphepo tsiku lonse. Thaulo loyera la manyunyu limasiya timaulusi timene timalukana ndi tsitsi, osachokanso. Musanagone, finyani diredi lonenepa la m'nkhongo pa kapepala; likasiya chinyezi, simunaume. Draya imathandiza tsiku la mvula ngati magetsi alipo, koma ikhale yofunda chabe. Chuku chikakhazikika mkatikati, viniga amangochepetsa fungo, mankhwala ake ndi lumo.

Usiku, chitenje ndi nsalu ya pilo ya thonje zimamwa chinyontho cha tsitsi n'kusiyamo ulusi. Kansalu koterera ka satini ndi kabwino, ngakhale kunena zoona, mu Novembala palibe amene amagona atafunda kumutu. Chosavuta n'kusoka satiniyo pa pilo, mutu ugone pamtunda.

Pali malo awiri amene aonda pamitu yambiri. Oyamba ndi paliwombo, pamene pamakhala nkhata. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo ikamagwedezeka imapera matsinde a madiredi. Musanasenze, gawani madiredi agwere m'mbali, yalani kansalu koterera, nkhata ikhale yotakata kuti kulemera kukhale mozungulira osati pa mfundo. Achiwiri ndi pamphumi, chifukwa cha duku lomangitsa ndi kukokera madiredi onse kumbuyo tsiku ndi tsiku. Timatuza ting'onoting'ono m'mphepete mwa tsitsi ndi chenjezo loyamba. Mukamasula msanga tsitsi limabwerera, koma mukalimbikira kwa zaka khungu limasalala ndipo dazi lake silibwerera m'mbuyo.

Si kuonda konse kumene kuli mlandu wa saluni. Munthu amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, ndipo mu diredi limatsalira momwemo, n'chifukwa chake diredi limalemera pamene tsinde lili lomwelo. Miyezi iwiri kapena itatu munthu atadwala malungo aakulu, kapena miyezi itatu kapena inayi mayi atachira kuchokera ku chikuta, tsitsi limathothoka lambiri nthawi imodzi, ndipo kuchepa kwa magazi kumawonjezera. Nthawi imeneyo musapotetse, musamange, dikirani tsitsi latsopano limere. Vuto la mfundu losamva kuchapa limamva shampu wa ketoconazole wa ku famase, kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi, kumusiya pakhungu mphindi zisanu. Koma chipere cha m'mutu, chozungulira ndi chothothola tsitsi, chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala. Zopaka zokha sizifika pamizu.

Amene ali pa mwezi wa 5 mpaka wa 10 asataye mtima poona madiredi akutupa timfundo, kufupika ndi kuima paliponse ngati udzu wa pachulu. Umo ndi mmene amagwiranira. Kutalika kumayamba kuoneka chaka chikatha, ndipo pofika miyezi 15 mpaka 18 nsonga zambiri zimakhala zitatsekeka. Kunyozedwa nakonso kwachepako poyerekeza ndi kale, makamaka chigamulo cha Khoti Lalikulu ku Zomba cha mu Meyi 2023 chitalamula kuti ana achirasta a madiredi aziloledwa m'sukulu za boma, ngakhale apongozi ena amafunsabe ngati chipeso chinasowa.

Diredi limene tsinde lake latsala ngati ulusi musalidikire kuti ligwe lokha. Lilumikizeni ndi loyandikana nalo lolimba: nyowetsani matsinde onse awiri, lowetsani lofookalo patsinde la lolimba kamodzi, kenako kokerani timatsitsi ta awiriwo pamodzi ndi singano ya crochet kwa masentimita awiri kapena atatu, kapena musoke ndi ulusi wakuda umene mudzauchotse akagwirana. Pakatha miyezi itatu kapena inayi amakhala tsinde limodzi la michira iwiri, ndipo mchira wofookawo mutha kuudula pamene akumanirana.